Mlengi ndi Wosunga Zonse: zimene Akhristu amatanthauza akamati Mulungu ndiye mwini chilengedwe

Chiganizo choyamba cha Chikhulupiriro cha Atumwi n'chachifupi moti mpingo umachimaliza ndi mpweya umodzi: Mulungu ndi Atate, ndi wamphamvuzonse, ndipo ndiye analenga zakumwamba ndi zapansi. Akatolika, a Anglican, a CCAP ndi a Lutheran amachinena pa mapemphero, ana a kalasi amachiloweza pamtima. Komatu mawu amenewa sanangogwa ngati matalala. Anasulidwa m'mikangano imene inatenga zaka mazana angapo, ndipo liwu lililonse linaikidwapo kuti litseke khomo limene wina ankafuna kulowerapo. Munthu wosadziwa makomo amenewo amatha kunena chikhulupirirochi pakamwa, mumtima akusunga zomwezo zimene chinalembedwa kuti chikane.

Kulenga si kuumba

Chichewa chimatithandiza pano chifukwa chili ndi mawu awiri osiyana. Taonani mayi woumba mbiya. Amakakumba dongo kudambo, amaliponda n'kuchotsamo timiyala, amaliumba, amalisalaza ndi kamwala, amaumika mbiyayo pamthunzi masiku angapo, kenako amaiwotcha. Pa ntchito yonseyi pali zinthu zitatu zimene sitingazikane. Dongolo analipeza, sanalipange. Dongolo limamuikira malire: likakhala losapondeka bwino kapena mbiya ikapita pamoto isanaume, imang'aluka, ngakhale mayiyo akhale katswiri chotani. Ndipo mbiya ikapsa simufunanso mwini wake. Iye akhoza kumwalira, zidzukulu n'kumasungirabe madzi mumbiya yomweyo.

Chiphunzitso cha chikhristu chimakana zonse zitatu pa Mulungu. Sanapeze kanthu koyambira. Palibe chimene chinamuikira malire. Ndipo dziko silinafikepo pa msinkhu woti lingaime palokha popanda iye.

Chihebri nachonso chimasiyanitsa. Pa Genesis 1:1 pali mneni wakuti bara, ndipo m'Chipangano Chakale mneni ameneyu akatanthauza kulenga, wochita wake ndi Mulungu yekha, si munthu ayi. Pa Genesis 2:7, pamene munthu akupangidwa ndi dothi, pali mneni wina, yatsar, wa ntchito ya woumba mbiya. Baibulo limagwiritsa ntchito onse awiri popanda kuwasokoneza. Tinene chilungamo: Genesis 1 payekha sanena mosapita m'mbali kuti Mulungu analenga popanda kanthu, pakuti vesi lachiwiri likutionetsa kale mdima ndi madzi akuya. Mawu olunjika amapezeka pambuyo pake. Pa 2 Amakabeo 7:28, buku limene lili m'Baibulo la Akatolika, mayi wina akulimbikitsa mwana wake woti aphedwa pomuuza kuti ayang'ane kumwamba ndi dziko, adziwe kuti Mulungu sanazipange kuchokera ku zinthu zimene zinalipo kale. Paulo pa Aroma 4:17 akunena za Mulungu woitana zinthu zomwe kulibe ngati zilipo, ndipo Ahebri 11:3 akuti zooneka sizinachokere ku zooneka.

Chimene chinakakamiza mpingo kuika mfundoyi poyera chinali nzeru za Agiriki. Plato anaphunzitsa za mmisiri waumulungu amene anapeza zinthu zopanda dongosolo n'kuzikonza mmene zikanathekera, ndipo Akhristu ena ophunzira ankaona ngati Genesis akunena zomwezo. Cha m'ma 180, Theophilus, bishopu wa ku Antioch, anayankha ndi funso lapafupi: chodabwitsa n'chiyani ngati Mulungu anapanga dziko ndi zipangizo zopezeka kale, poti mmisiri aliyense amachita zimenezo? Irenaeus wa ku Lyon anaphunzitsa zomwezo m'zaka zomwezo, ndipo Tertullian wa ku Carthage analemba buku lathunthu potsutsa Hermogenes, amene ankati zipangizo za dziko zilibe chiyambi ngati Mulungu mwini. Msonkhano wachinayi wa mabishopu wa ku Lateran, ku Rome, m'chaka cha 1215, unadinda mfundoyi: zolengedwa zonse, zauzimu ndi zathupi, Mulungu anazilenga popanda kanthu.

Mawu akuti "popanda kanthu" amasokoneza ena. Satanthauza kuti panali chinthu china chotchedwa "kupanda kanthu" chimene Mulungu anachitenga ngati dongo. Satanthauzanso kuti Mulungu anadzibenthula yekha n'kupangira dziko. Phiri la Mulanje, nyanja ya Malawi, mlambe wapabwalo, zonsezi si zidutswa za Mulungu, ndipo n'chifukwa chake Mkhristu angazilemekeze koma sangazipembedze.

Chifukwa chake Atate ndi Mlengi ali m'chiganizo chimodzi

Marcion, wa ku Sinope, anafika ku Rome ali ndi chuma ndi chiphunzitso chake. Ankati mulungu amene analenga dziko lino la udzudzu, matenda ndi nkhondo ndi wina, wa Chipangano Chakale, wouma mtima. Atate a Yesu ndi wina, wachifundo, wosakhudzana ndi kulengedwa kwa dziko. Anataya Chipangano Chakale chonse, n'kutsala ndi Luka wodulidwadulidwa ndi makalata khumi a Paulo. Mpingo wa ku Rome unamuchotsa m'chaka cha 144. Magulu ena a nthawi yomweyo ankati thupi ndi ndende ya mzimu, chipulumutso n'kuthawamo. Ndiye mpingo ukamanena mawu akuti Atate ndi Mlengi pampweya umodzi, ukukana kugawa Mulungu pawiri. Amene anapanga thupi, nsima, ukwati ndi tulo ndi yemweyo amene anatuma Yesu. Genesis 1 amabwereza kasanu ndi kawiri kuti zolengedwazo zinali zabwino, ndipo komaliza akuti zabwino ndithu.

Msonkhano wa ku Nicaea wa m'chaka cha 325 unatchula Mulungu kuti wopanga zonse, zooneka ndi zosaoneka. Mawu akuti zosaoneka ndi amene ambiri sawalabadira, chonsecho ndi amene amakhudza kwambiri maulaliki a masiku ano. Angelo ndi zolengedwa. Mizimu yoipa ndi zolengedwa. Satana ndi cholengedwa. Pa Yobu 1 ndi 2 Satana sakhudza ngakhale nkhosa ya Yobu asanaloledwe, ndipo amapatsidwa malire kawiri konse. Ulaliki umene umatha ola lathunthu ukufotokoza mphamvu za afiti ndi ziwanda, ngati kuti pali mpira wa matimu awiri ofanana mphamvu ndipo zigoli sizikudziwika, wayandikira kwa Mani wa ku Persia kuposa ku Nicaea. Mani ndiye ankaphunzitsa kuti kuwala ndi mdima ndi maufumu awiri opanda chiyambi. Augustine, amene pambuyo pake anakhala bishopu wa ku Hippo, m'dziko limene lero ndi Algeria, anakhala zaka zisanu ndi zinayi m'gulu la Mani asanatulukemo.

Nanga choipa chinachokera kuti, ngati zonse zinalengedwa zabwino? Yankho la Augustine ndi lakuti choipa si chinthu cholengedwa koma kuwonongeka kwa chinthu chabwino. Bowo la pachitenje silinalukidwe kufakitale; limakhalapo chifukwa pali nsalu yoti ibooke, ndipo nsalu yonse ikatha bowonso latha. Yankho limeneli limachotsa mlandu woti Mulungu anapanga choipa, koma silimaliza funso loti n'chifukwa chiyani analola nsaluyo kubooka. Funso limenelo tikumana nalo kutsogoloku.

Mkangano weniweni wa ku Nicaea unali pa Yesu, koma muzu wake unali womwewu. Ngati pali mzere pakati pa Mlengi ndi zolengedwa, ndipo pamzerepo palibe pokhala, Mwana ali mbali iti? Arius, wansembe wa ku Alexandria, ankati Mwana ndi woyamba ndi wamkulu wa zolengedwa, zimene Mboni za Yehova zimaphunzitsa mofananako lero. Msonkhanowo unamuika Mwana mbali ya Mlengi: wobadwa, osati wolengedwa, ndipo zonse zinalengedwa mwa iye, monga Yohane 1:3 ndi Akolose 1:16 amanenera. Msonkhano wa ku Constantinople m'chaka cha 381 unatchula Mzimu Woyera kuti Ambuye ndi wopatsa moyo. Choncho kulenga si ntchito ya Atate okha, Mwana n'kudzabwera pambuyo kudzakonza zowonongeka. Ndi ntchito imodzi ya Utatu wonse.

Masiku asanu ndi limodzi aja

Wowerenga Genesis 1 mofatsa amaona kuti mutuwu unamangidwa ngati nyumba ya zipinda zoyang'anizana. Vesi lachiwiri likuti dziko linali lopanda maonekedwe ndi lopanda kanthu. Masiku atatu oyamba akuthetsa vuto loyamba pogawa malo: kuwala ndi mdima, madzi a kumwamba ndi a pansi, nyanja ndi mtunda. Masiku atatu otsatira akuthetsa vuto lachiwiri podzaza malowo motsatana chimodzimodzi: tsiku lachinayi zounikira za usana ndi usiku, lachisanu mbalame ndi nsomba, lachisanu ndi chimodzi nyama zapamtunda ndi munthu. Dzuwa ndi mwezi sizitchulidwa mayina, zimangotchedwa chounikira chachikulu ndi chaching'ono. Ophunzira ambiri amaona kuti n'zadala, chifukwa mitundu yozungulira Israeli inkapembedza dzuwa ndi mwezi, ndipo wolembayo akuzitsitsa kukhala nyali chabe. Ku Babulo, kumene Ayuda anatengedwa ukapolo Yerusalemu atagwa cha m'ma 586 Yesu asanabadwe, nkhani inali yakuti mulungu Marduk anamenyana ndi Tiamat, mulungu wamkazi wa nyanja, n'kumung'amba pakati, theka kukhala thambo, theka dziko. Mu Genesis mulibe ndewu. Mulungu amangonena, chinthu n'kukhalapo.

Pa kutalika kwa masikuwo Akhristu sanagwirizanepo, ndipo kusagwirizanaku kunayamba Darwin asanatulutse buku lake la mu 1859 lonena za kusinthika kwa zamoyo. Basil wa ku Caesarea ankalalika ngati masiku wamba. Augustine anazindikira kuti pali madzulo ndi m'mawa katatu dzuwa lisanalengedwe, ndipo ankaganiza kuti Mulungu analenga zonse nthawi imodzi, masikuwo n'kukhala njira yofotokozera. Anaphunzitsanso kuti dziko silinalengedwe mkati mwa nthawi koma pamodzi ndi nthawi, kotero kuti funso loti Mulungu ankatani asanalenge lilibe poima. Mu 1650 bishopu James Ussher wa ku Ireland anawerengetsa mibadwo ya m'Baibulo n'kupeza chaka cha 4004 Yesu asanabadwe. Asayansi lero amati chilengedwe chonse chili ndi zaka pafupifupi 13.8 biliyoni, dziko lathu pafupifupi 4.5 biliyoni, ndipo mmodzi mwa oyamba kuwerengetsa kuti chilengedwe chikufutukuka anali wansembe wa Katolika wa ku Belgium, Georges Lemaître, mu 1927. A Seventh-day Adventist ndi mipingo yambiri ya chipentekoste imagwira masiku enieni asanu ndi limodzi. Mpingo wa Katolika, kuyambira kalata ya Papa Pius XII ya mu 1950, umalola kufufuza za kusinthika kwa thupi la munthu, bola mzimu uvomerezedwe kuti umalengedwa ndi Mulungu mwachindunji.

Chofunika kuona n'chakuti palibe chikhulupiriro chakale cha mpingo, cha Atumwi kapena cha ku Nicaea, chimene chimatchula masiku kapena zaka za kulenga. Sayansi imafufuza mmene chinthu china chimachokera ku chinzake. Chiphunzitso cha kulenga chikuyankha funso lina: bwanji pali zinthu m'malo moti pasakhale kanthu? Mlaliki amene amamangirira chikhulupiriro cha achinyamata pa zimene sayansi sinafotokozebe akuwamangira nyumba m'khwawa, pakuti chaka china sayansi idzafotokoza, ndipo mnyamatayo adzaganiza kuti Mulungu wachotsedwa ntchito.

Chauta wa ku Kaphirintiwa

Amishoni sanabweretse dzina la Mlengi kuno, analipeza. Makolo ankati Namalenga, Chauta, Mphambe, Leza, Chisumphi. Buku Lopatulika la mu 1922 linalemba dzina la Mulungu wa Israeli kuti Yehova, pamene Buku Loyera la mu 1998 linasankha Chauta. Nkhani ya Achewa imati mwamuna ndi mkazi oyamba anatsika ndi mvula pa Kaphirintiwa, ku mapiri a Dzalanyama, atanyamula khasu, lichero ndi mtondo, n'kusiya mapazi pathanthwe. Chauta ankakhala nawo pamodzi ndi nyama, mpaka munthu anapeka moto n'kutentha tchire. Nyama zinathawa, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude.

Pali zambiri zofanana ndi Genesis: Mlengi mmodzi, mtendere wa pachiyambi, munthu wowononga. Kusiyana kuli pa ulusi wa kangaudewo. Sitinganene kuti makolo ankamuona Chauta ngati wotayiratu dziko, poti chilala chikavuta ankapempha mvula kwa iye ku kachisi wa ku Msinja kudzera mwa Makewana, mayi woyang'anira kachisiyo. Komabe za tsiku ndi tsiku zinkadutsa kwa mizimu ya makolo. Chikhristu chimati Mlengi sanakwere kupita kulikonse. Azungu nawonso anali ndi ulusi wa kangaude wawo: m'zaka za m'ma 1700 ophunzira ambiri ku England ndi ku France ankati Mulungu ali ngati wopanga wotchi, amene anaikonza, n'kuipukusa, n'kuisiya iziyenda yokha. Kumeneko n'kubwerera kwa mayi woumba mbiya uja.

Wamphamvuzonse ndi kusunga

Liwu la Chigiriki limene timalimasulira kuti wamphamvuzonse ndi Pantokrator. Limapezeka kakhumi m'Chipangano Chatsopano, kasanu ndi kanayi m'Chivumbulutso ndi kamodzi pa 2 Akorinto 6:18. Tanthauzo lake lenileni ndi wolamulira zonse, wogwira zonse m'manja. Chilatini chinaika omnipotens, wokhoza zonse, ndipo kuyambira pamenepo anthu anayamba mafunso a pabawo, onga lakuti kodi Mulungu angalenge mwala woti iye mwini alephere kuunyamula. Baibulo silichita manyazi kunena zimene Mulungu sangachite: sanganame, pa Ahebri 6:18, ndipo sangadzikane, pa 2 Timoteo 2:13. Mphamvu zonse si kuchita zopanda tanthauzo kapena zotsutsana ndi khalidwe lake. Ndi kunena kuti palibe dera, mzimu, mfumu kapena tsiku limene lili kunja kwa dzanja lake.

Aphunzitsi a mpingo amagawa ulamuliro umenewu patatu. Gawo loyamba ndi kusunga: zinthu zikupitirira kukhalapo chifukwa Mulungu akuzigwira, monga Akolose 1:17 ndi Ahebri 1:3 amanenera. Fanizo loyenera pano si mbiya koma nyimbo. Nyimbo ilipo pamene woimba akuimba. Akatseka pakamwa sipatsala zidutswa, pamangoti zii. Gawo lachiwiri ndi kugwira ntchito mkati mwa ntchito za zolengedwa. Lachitatu ndi kulondolera zonse ku mapeto amene iye anakonza. Katekisma wa ku Heidelberg wa mu 1563, amene ndi chimodzi mwa zivomerezo za Sinodi ya Nkhoma, pa funso 27 amatchula zinthu zake mayina: masamba ndi udzu, mvula ndi chilala, zaka za dzinthu ndi za njala, chakudya ndi chakumwa, thanzi ndi matenda, chuma ndi umphawi, n'kunena kuti sizibwera mwangozi koma kuchokera m'dzanja la Atate.

Gawo lachiwiri lija ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndi pamene ambiri amapunthwa. Thomas Aquinas, amene anamwalira mu 1274, anasiyanitsa gwero loyamba, amene ndi Mulungu, ndi magwero achiwiri, omwe ndi zolengedwa zimene iye amagwirira ntchito mwa izo. Mvula ya mu Disembala imabwera chifukwa mphepo yachinyezi yochokera ku Congo yakumana ndi mphepo zina, monga a zanyengo amalengezera pawailesi. Imabweranso chifukwa Mulungu amavumbitsira mvula olungama ndi osalungama, monga Mateyu 5:45 akunenera. Awa si mayankho awiri olimbirana mpando. Sikuti mphepo yachita theka, Mulungu theka, ngati anthu awiri onyamula mtanda wa denga. Mphepo yachita zonse pa mlingo wake, Mulungu wachita zonse pa mlingo wina, pakuti ndiye akuchititsa kuti mphepo, chinyezi ndi malamulo ake zikhalepo n'komwe. Chivomerezo cha ku Westminster cha m'ma 1640, chimene mipingo ya chipresbateria inatengera ku Scotland, chimanenanso kuti Mulungu amayendetsa zinthu molingana ndi chikhalidwe cha magwero achiwiriwo, zina mosalephera, zina mwaufulu, zina mongochitika.

Chitsanzo chomveka bwino chili pa Machitidwe 27. Ngalawa ya anthu 276 yakhala m'namondwe masabata awiri. Paulo wauzidwa ndi mngelo kuti palibe adzafe, ndipo walengeza zimenezo. Koma usiku amalinyero akutsitsa bwato laling'ono kuti athawe, Paulo yemweyo akuuza msilikali wamkulu kuti awa akachoka m'ngalawa, inu simupulumuka. Kenako akuwakakamiza onse kudya. Pomaliza ena akusambira, ena akugwira matabwa, ndipo onse akufika kumtunda. Lonjezo linali lotsimikizika, komabe linadzera mwa amalinyero, mkate ndi matabwa.

Apa ndi pamene zolakwika zimaonekera. Wodwala amene wauzidwa kuti asiye ma ARV kapena mankhwala a shuga kuti aonetse chikhulupiriro waphunzitsidwa kuti Mulungu ndi mankhwala akupikisana, ngati kuti Mulungu amapeza ulemu pokhapokha dokotala akalephera. Chonsecho mankhwalawo ndi nzeru za wowapanga ndi zolengedwa zake. Mlimi amene wapemphera koma wabzala mochedwa, osapalira, osathira feteleza wobereketsa, sanasonyeze chikhulupiriro choposa cha mnzake. Wangokana magwero achiwiri. Ndipo pamaliro a munthu wofa pangozi ya minibasi yodzaza mopyola, ya matayala akutha, mawu akuti "linali tsiku lake" angatonthoze anamfedwa, koma akagwiritsidwa ntchito kuti dalaivala ndi mwini galimoto asafunsidwe, asanduka chophimba mlandu. Chiphunzitsochi sichichotsa udindo wa munthu. Yosefe pa Genesis 50:20 akuuza abale ake kuti iwo anamupangira choipa koma Mulungu anachipangira chabwino. Mbali zonse ziwiri zikuima, ndipo choipacho akuchitchulabe kuti choipa. Petro pa Machitidwe 2:23 akunena kuti Yesu anaperekedwa mwa uphungu wa Mulungu, n'kuuza omvera ake m'chiganizo chomwecho kuti inu munamupha.

Mmene ulamuliro wa Mulungu ndi ufulu wa munthu zimalumikizirana, pamenepo mipingo inagawana njira. Otsatira Calvin amati Mulungu anakonzeratu zonse, ngakhale zosankha za anthu, popanda kuwaumiriza ndi popanda kukhala mwini tchimo. Otsatira Jacobus Arminius, amene anamwalira mu 1609, amati Mulungu amadziwiratu ndi kulola, koma munthu angathe kukana chisomo. Sinodi ya ku Dort ya 1618 mpaka 1619 inawatsutsa, koma maganizo awo anapitirira kudzera mwa John Wesley n'kufika m'mipingo yambiri ya chipentekoste. Kwa Akatolika, magulu awiri a ansembe, a Dominican ndi a Jesuit, anakangana pa buku la Luis de Molina la mu 1588 mpaka Papa Paul V anatseka zokambiranazo mu 1607 osagamula, n'kuletsa mbali zonse kutchulana kuti ampatuko. Onsewa amagwirizana pa Yakobo 1:13, kuti Mulungu sayesa munthu ndi choipa.

Mafumu ndi minda

Ngati Mulungu ndiye wolamulira zonse, palibe wolamulira wina amene ali womaliza. Aroma 13 amati maulamuliro anaikidwa ndi Mulungu, ndipo andale amalikonda vesi limeneli. Koma woikidwa amayankha kwa womuika, n'chifukwa chake Machitidwe 5:29 akuti tiyenera kumvera Mulungu koposa anthu. Kalata imene mabishopu a Katolika anawerengetsa m'matchalitchi a m'Malawi pa 8 Malichi 1992 inatsamira pa ulemu wa munthu wolengedwa m'chifaniziro cha Mulungu podzudzula kutsekera anthu popanda mlandu ndi kutseka anthu pakamwa. N'chimodzimodzi ndi ulamuliro wa munthu pa chilengedwe. Genesis 1:28 amamupatsa ufumu pa nyama ndi dziko, koma Genesis 2:15 amafotokoza ntchitoyo ndi mawu awiri, kulima ndi kusunga. Ndi ufumu wa kapitawo, osati wa mwini munda.

Pamene chiphunzitso chimafika pamaliro

Pa 1 Novembala 1755, tsiku la Oyera Onse, chivomezi chinagwetsa mzinda wa Lisbon m'mawa anthu ali m'matchalitchi, ndipo moto ndi mafunde zinamaliza zotsala. Alaliki ena anathamangira kunena kuti ndi chilango. Ena anafunsa kuti, ngati ndi choncho, bwanji matchalitchi anagwa pamene malo ena a uchimo anatsala. Mafunso omwewo anamveka mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula matope ndi miyala ya m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndiponso m'midzi ya ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu.

Cholakwika chofala ndi kuwerenga ulamuliro wa Mulungu chobwerera m'mbuyo: kuona tsoka, n'kulosera tchimo limene lalibweretsa. Kukhulupirira kuti Mulungu akulamulira n'kosiyana ndi kudziwa chifukwa chimene walolera chakutichakuti. Yesu anakana kuwerenga kotereku kawiri. Pa Yohane 9 ophunzira akufunsa amene anachimwa kuti munthu abadwe wakhungu, iye kapena makolo ake, ndipo yankho ndi lakuti palibe. Pa Luka 13 akutchula anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, n'kunena kuti sanali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu. Funso limene munthu angaliyankhe ndi la magwero achiwiri: mitengo ya m'phiri inapita kuti, ndani analola kumanga pamtsetse, chenjezo linafika nthawi yanji, anthu akanathawira kuti. Limenelo lili ndi mayankho, ndipo kulifunsa si kuchepa chikhulupiriro.

Funso linalo, loti n'chifukwa chiyani mwana uyu osati uyo, Baibulo limalipatsa buku lathunthu koma osaliyankha mmene tikanafunira. Anzake a Yobu anayamba bwino: anakhala naye pansi masiku asanu ndi awiri osalankhula, monga amachitira anthu odziwa kukhala pasiwa. Anawononga atatsegula pakamwa. Chiphunzitso chawo chinali chaudongo: Mulungu ndi wolungama, amalamulira zonse, choncho wovutika ali ndi chimene anachita. Mulungu atayankha pa mitu 38 mpaka 41, satchula n'komwe zokambirana zake ndi Satana za m'mutu woyamba. M'malo mwake akumuyendetsa Yobu m'chilengedwe: maziko a dziko, malire a nyanja, mvula yogwa m'chipululu mopanda munthu, mbuzi za m'mapiri zikuswa popanda mzamba, nthiwatiwa yosiya mazira pamchenga, ndi zilombo ziwiri zazikulu zimene omasulira ambiri amazitenga ngati mvuu ndi ng'ona. Zambiri mwa zimenezi zilibe phindu kwa munthu, ndipo zina n'zoopsa.

Yobu, amene anadandaula, kutemberera tsiku lake lobadwa ndi kufuna kuzenga mlandu ndi Mulungu, ndi amene Mulungu akuti ananena zoona za iye. Pa Yobu 42:7 mkwiyo ukugwera Elifazi ndi anzake awiri, amene ankaganiza kuti akuteteza ulemu wa Mulungu. Akulamulidwa kutenga ng'ombe zamphongo zisanu ndi ziwiri ndi nkhosa zamphongo zisanu ndi ziwiri, apite nazo kwa munthu yemwe uja ankamuloza chala, kuti iye awapempherere.